ZA MAIMBIDWE: Liu la F ndi Zala za Ana a ku Vubwi

Mwezi wa Seputembala ukamapita kumapeto, dzuwa litayamba kuswa mtengo ndipo minda ili mbee kudikira mvula, pa masukulu a m'Zambia pamakhala kalikiliki wokonzekera tsiku la Ufulu, la pa 24 Okutobala. Ena amaloweza ndakatulo, ena amayesa magule, ena kuguba. Pa masukulu owerengeka amene ali ndi mwai wokhala ndi zitoliro za pulasitiki, zija Angelezi amazicha rekoda, pamakhalanso kagulu ka ana khumi kapena khumi ndi asanu kamene kamatsala anzao ataweruka, nkukhala pansi pa mtengo wa mango ndi mphunzitsi wao kuyesa nyimbo ya fuko. Danga lino sabata ino likamba za kagulu kotere m'dera la Vubwi, ndi za vuto limodzi limene limagwetsa ulesi ana ambiri asanafike patali.

Vubwi ndi limodzi mwa maboma atsopano a m'cigawo ca Kum'mawa, pakuti linapatulidwa ku Chadiza m'caka ca 2012, caka cimene Sinda nayonso inakhala boma payokha. Lili pa mphanda ya maiko atatu: munthu akalowera uku afika ku Malawi, akalowera uko ali ku Mozambique. Koma pa nkhani ya nyimbo dziko la Mfumu Pembamoyo si latsopano ai. Amene anafikapo ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba m'mwezi wa Ogasiti, adziwa mmene Acewa a maiko atatuwa amagwirira ng'oma pamaso pa Kalonga Gawa Undi. M'machalichi namo muli makwaya amene amawerenga do-re-mi ngati kalata yocokera kwao. Cotero mwana wobadwa pakati pa anthu otere akalephera citoliro, kunena kuti alibe khutu la nyimbo ndi kumunamizira. Colakwa ciyenera kufunidwa pena.

Masiku oyamba amakhala okoma. Citoliro ca rekoda cili ndi ziboo zisanu ndi zitatu, zisanu ndi ziwiri kutsogolo ndi cimodzi kumbuyo ca cala cacikulu ca dzanja lamanzere. Dzanja lamanzere limagwira kumtunda, lamanja kumunsi. Mwana akatseka ca kumbuyo pamodzi ndi coyamba ca kutsogolo, liu la B latuluka. Akaonjezera cala caciwiri wapeza A, cacitatu wapeza G. Pa mau atatu okhawa pali tinyimbo tambiri, ndipo pomatha sabata mwanayo amabwerera ku nyumba akuyenda monyang'wa. Mu mtima mwace amakhala atagwira lamulo lakuti kutseka ciboo cimodzi ndi kutsika sitepe imodzi, monga munthu atsika pa makwerero. Lamulo limeneli amalikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo limam'sunga bwino mpaka tsiku limene akumana ndi F.

Kuti F amveke woona pa citoliro ca mtundu wa Cingelezi, woimba amatseka ca kumbuyo ndi zitatu za dzanja lamanzere, nkutseka ciboo ca 4 ndi mkombaphala wa kumanja, kenaka nkudumpha ca 5, cala capakati cili m'mwamba, nkutseka ca 6 ndi ca 7 ndi zala ziwiri zotsiriza. Polemba zikuoneka zazing'ono. Koma wowerenga amene akukaika aike dzanja lace lamanja pa thebulo, atukule cala capakati cokha zinzace zili gwa, kenaka acitsitse potukula ziwiri zotsirizazo pa nthawi imodzi, ndipo abwereze zimenezi kakhumi mosaphonya. Umu ndi mmene woimba amacokera pa F kupita pa E. Cala ca mphete cimakana kuyenda cokha, cimangofuna kulondola capakati monga mwana alondola amace ku citsime, cifukwa mitsempha yotukula zala zimenezi ndi yolumikizana kuseri kwa dzanja. Ali yense anabadwa cotero, mfumu ndi mbusa yemwe.

Nanga opanga zitoliro anacitiranji nkhanza yotere? Si nkhanza. Cimene cimalira m'citoliro ndi mpweya wa m'kati mwace, ndipo utali wa mpweyawo umathera ca pa ciboo coyamba cotseguka. Ukatalika liu limatsika, ukafupika limakwera. Tsono masitepe a nyimbo sali ofanana, monga a kwaya adziwira: kucokera pa mi kufika pa fa ndi theka la sitepe, pamene kucokera pa fa kufika pa so ndi sitepe yathunthu. Pa citoliro cimeneci E ndi F ndiwo mi ndi fa. Ciboo ca 5 cikangotsegulidwa pamodzi ndi zonse za mmunsi mwace, liu limakwera mopitirira theka lija, motero woimba amatsekanso ziwiri za mmunsizo kuti alibweze pang'ono. Ziboo zisanu ndi zitatu zimayenera kutulutsa mau oposa makumi awiri, ndipo njira yace ndi yomweyi ya kudumpha-dumpha. Zitoliro za m'mabandi a asilikali ndi apolisi zili ndi tizitsulo tambiri totsekera ziboo, monga anakonzera Theobald Boehm wa ku Munich m'caka ca 1847, kuti tizitsuloto tigwire nchito imene zala zimavutika nayo. Koma mtengo wa cimodzi ca izo ungagule marekoda a kalasi lonse.

Mphunzitsi wocenjera angaganize zozemba F posintha poyambira nyimbo. Nyimbo ya fuko siilola. Maimbidwe ace, amene anacokera ku nyimbo imene Enoch Sontonga anapeka ku Johannesburg m'caka ca 1897, ali ndi ti ndi fa yemwe. Do akakhala pa F, ana amakumana naye F pa liu loyambirira leni-leni, ndiponso fa wao amakhala B fulati, amene nayenso ndi wodumpha: ca 1 cotseka, ca 2 cotseguka, ca 3 ndi ca 4 zotseka. Do akasamukira pa G, ti amakhala F shapu, ndipo apo mkombaphala wa kumanja ndiye amatukuka, capakati ndi ca mphete nkutsika. Do akakwera pa C wa pamwamba, nyimbo imalowa m'mau amene ophunzira kumene sanawafike. Akulu-akulu anati cala cimodzi siciswa nsabwe, koma pa citoliro cala cimodzi cimatha kuononga nyimbo ya ana khumi ndi asanu.

Zonsezi ndi zovuta zoonekera, ndipo zimatha ndi kuyesa-yesa. Pali cina cobisika, cimene ndico ceni-ceni ca nkhani ino. Zimacitika kuti mphunzitsi waphunzitsa bwino, wayendera mwana ali yense nkuona kuti zala zili m'malo mwace, koma gulu likafika pa F pamamveka ngati atambala awiri akulimbirana m'bandakuca. Amabwereza. Zomwezo. Amayamba kuloza: "Iwe, tseka ziboo bwino!" Mwana amafinya citoliro mpaka zala kuyera, nkuyankha motsitsa mau kuti, "Aphunzitsi, ndatseka." Ndipo mwanayo akunena zoona. M'katoni imene mumasungidwa zitolirozo muli mitundu iwiri yofanana nkhope koma yosiyana cilankhulo.

Ciyambi cace ndi ici. Rekoda inali yochuka ku Ulaya zaka mazana angapo zapitazo, kenaka inaiwalika kwa nthawi yaitali. Amene anaidzutsa ndi Arnold Dolmetsch, wopanga zoimbira amene anakhazikika ku Haslemere m'dziko la England. M'caka ca 1919 mwana wace wamng'ono anaiwala cikwama cimene munali citoliro cakale ca banjalo pa sitesheni ya sitima ya Waterloo mu London, ndipo bamboyo anakakamizika kudzipangira cace. Zitoliro zace zinasunga kudumpha kwa F kuja. Koma ku Germany, m'zaka za m'ma 1920, Peter Harlan anafalitsa zitoliro zochipa za acinyamata zimene ziboo zace zinasinthidwa kukula, kotero kuti F amatuluka ndi mkombaphala yekha, popanda kudumpha. Ana anapumula, koma ngongole inangosamukira pena, pakuti pa citoliro ca Cijeremani F shapu ndiye amasautsa, amafuna zala zitatu za kumanja, ndipo mau ena a pamwamba samveka oona kweni-kweni. Mitundu iwiriyi ikupangidwabe mpaka lero, ndi makampani omwewo, ndi pulasitiki yomweyo.

Tsono ku dera monga Vubwi zitoliro sizifika tsiku limodzi. Zitatu zingagulidwe ku Chipata caka cino, zisanu nkubwera ngati mphatso ya a chalichi, zina nkutumizidwa ndi mbale wa ku Lusaka kapena ku Lilongwe, ndipo kapepala koonetsa kagwiridwe ka zala kamene kamabwera m'thumba la citoliro kamataika msanga. Kusakanizika kwa mitundu sikodabwitsa. Zotsatira zace nzakuti mwana wogwira ca Cijeremani akadumpha monga wauzidwira, F wace amatsika mopitirira, ndipo wogwira ca Cingelezi akatengera mnzace wa pambali nkutseka ndi cala cimodzi, F wace amakwera mopitirira. Comvetsa cisoni ncakuti mwana womvera, amene watsata mau onse a mphunzitsi, ndiye angapezeke wolakwa pa gulu. Akakalipiridwa kawiri, katatu pamaso pa anzace, amabweza citoliro nkupita ku bwalo la mpira, ndipo adzakula akuuza anthu kuti iye za nyimbo sizimuyanja.

Kusiyanitsa mitundu iwiriyi sikutenga ndi mphindi zisanu zomwe. Makampani ena, monga Yamaha, amaika cilembo B pa ca Cingelezi, kuimira dzina lace lina lakuti baroque, ndi cilembo G pa ca Cijeremani. Cilembo cikapanda kuoneka, ziboo zokha zimanena. Powerenga kucokera kumtunda, ca mtundu wa B cili ndi ciboo ca 4 cacing'ono ndi ca 5 cacikulu. Ca mtundu wa G cili ndi ca 4 cacikulu ndi ca 5 cacing'ono. Mphunzitsi ayale zitoliro zonse pa thebulo, azipatule miulu iwiri, ndipo mulu umodzi aumange ulusi wofiira kuti zisasakanizikenso. Palibe cifukwa cotayira za mtundu wa G, pakuti ndalama za bungwe la makolo ndi aphunzitsi sizitoledwa pansi. Gulu la ulusi wofiira liphunzire F wace, gulu linalo F wace, ndipo akadzakumana liu lidzakhala limodzi. Koma pogula zatsopano ndi bwino kuchula mtundu kwa wogulitsa, ndipo woyenera kuchulidwa ndi wa B. Ndi wovuta sabata ziwiri zoyamba, koma mwana amene adzapitirize sadzafunika kumasula zimene zala zace zinazolowera, popeza marekoda akulu-akulu pafupi-fupi onse amapangidwa mwa mtundu umenewo.

Zitoliro zikapatulidwa, nchito ya zala imatsalabe, ndipo ana a ku midzi ali ndi zao-zao. Manja amene amagwira khasu, kuswa nshawa ndi kukoka cingwe ca pa citsime amakhala ndi khungu lolimba, nthawi zina long'aluka, ndipo kampata kocepa ngati tsitsi nkokwanira kuti citoliro cilire ngati khoswe. Ciboo sicitsekedwa ndi nsonga ya cala, cimatsekedwa ndi mnofu wofewa wa kuseri kwa cikhadabo, cala cili cogona. Woimba akacotsa dzanja ayenera kuona kamphete kathunthu katadindika pa mnofuwo, ndipo kakakhala ka theka ndiye kuti mpweya unali kuthawa. Kufinya sikuthandiza. Cala cofinya cimacedwa kunyamuka, monganso cala cotukulidwa patali cimacedwa kubwerera. Mpweya nawo ufunika wocepa, wonga wa munthu amene akuuzira koloboyi kuti lawi lipendeke koma lisazime. Ana ambiri amauzira ngati akukoleza moto wa nkhuni zaziwisi, ndiye mau a mmunsi amalumphira m'mwamba.

Njira imene imapindula ndi yotopetsa kuiona. Mwana aike kamwa ya citoliro pa cibwano, osauzira, nayendetse zala kucokera pa E kupita pa F ndi kubwerera, pang'ono-pang'ono, akuyang'anitsitsa kuti capakati citsika pa nthawi yomweyo imene ziwirizo zikunyamuka. Zikazolowera ayambe kuuzira, ndipo akamva kaliu kacilendo kakulowerera pakati pa mau awiriwo adziwe kuti cala cina cacedwa. Cimodzi-modzi pocoka pa B kupita pa C, pamene mkombaphala wa kumanzere amanyamuka capakati nkutsika. Malo oopsa koposa ndi pocoka pa D wa pamwamba, amene amagwiridwa ndi cala cimodzi cokha, kupita pa E wa pamwamba, amene amafuna zala zisanu kutsogolo ndi cala cacikulu citatseka ciboo cace mosiya kampata. Kuyamba nyimbo pa ciyambi nthawi iri yonse pamene gulu laphonya ndi kutaya nthawi: ana amabwereza kakhumi malo amene akuwadziwa kale, malo ovutawo nkuwagunda kamodzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Popeza zitoliro za sukulu zimagona m'kabati ya aphunzitsi akulu, mwana sangayesere ku nyumba. Koma bango kapena phesi la cimanga lodulidwa pa msinkhu wa citoliro, ndi kulembedwa madontho a makala pa malo a ziboo, limakwanira kuphunzitsa zala. Mphindi khumi tsiku liri lonse, podikira nsima kapena polondera mbuzi, zimaposa maola awiri a pa Cisanu. Kwa ana ang'ono amene kacala kao kotsiriza sikafika pa ciboo ca 7, zitoliro zolumikiza patatu zili ndi thandizo limene ambiri saliona: kacidutswa ka kumunsi kamapotoka, ndipo ciboo cingasunthidwire kumene kacalako kali.

Pochula bango, nkoyenera kukumbukira kuti citoliro si cacilendo ku Acewa. Anyamata oweta ng'ombe akhala akudula bango kapena nsungwi, nkuboola ziboo ndi waya wamoto, ndipo ana amacita cimodzi-modzi ndi phesi la tsamba la papaya. Mbusa wotere samadandaula za zala, cifukwa amaboola pamene zala zace zagwera, ndipo amaimba nyimbo zimene citoliro cace cimalola. Cace cimatsata dzanja, pamene ca ku fakitale cimafuna dzanja licitsate, cifukwa cinapangidwa kuti cigwirizane ndi zinzace zikwi-zikwi. Mnyamata amene anadzipangirapo cace ndiye woyenera kuikidwa patsogolo m'kagulu ka sukulu. Kauziridwe amakadziwa kale, ndipo khutu lace limamva msanga liu likapendeka.

Kutsidya kwa malire, m'cigawo ca Tete, Anyungwe anathetsa vuto la zala mwa njira ina. Pa gule wao wa nyanga, amene Andrew Tracey anam'fotokoza m'caka ca 1971, munthu ali yense amagwira timabango towerengeka tomangidwa pamodzi, topanda ziboo za zala, ndipo amauzira mau ace okha pa nthawi yace, akuimbanso ndi pakamwa ndi kuvina mozungulira. Nyimbo yathunthu imatuluka m'gulu lonse. Mphunzitsi amene tsiku la Ufulu lam'fikira ana ena asanagwire F angabwereke nzeru imeneyi. Ocepa amene am'gwira aimbe nyimbo yonse, ndipo otsalawo aimbe mau amene akuwatha, nkupuma pa malo ovutawo. Pamaso pa alendo palibe adzadziwe, ndipo palibe mwana adzacotsedwe pa mzere.

Za kumene citoliro cochipa cingafikitse munthu, mbiri ilipo. M'zaka za m'ma 1950 anyamata a m'makomboni a Johannesburg anali kuimba kwela m'misewu ndi tizitoliro tacitsulo ta ziboo zisanu ndi cimodzi. Spokes Mashiyane anachuka nato, ndipo m'caka ca 1958 nyimbo ya Tom Hark inafika pa nambala 2 pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Maimbidwe amenewa anafika ku Malawi, ndipo m'caka ca 1967 wofufuza za nyimbo Gerhard Kubik anakumana ku Blantyre ndi anyamata awiri a pa cibale a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba. Donald, amene anali mwana pa nthawiyo, ndiye anali wa citoliro. Oimba kwela anali kucilowetsa kwambiri m'kamwa, copendekera ku tsaya, kuti liu likule, ndipo mau amene ziboo zisanu ndi cimodzi zinalibe anali kuwapeza potseka ciboo mwa theka ndi kutsetsereza cala. Zimene buku la sukulu lingaziche kulakwa iwo anazisandutsa kukoma kwa nyimbo, koma anafika pamenepo ataimba tsiku ndi tsiku kwa zaka. Donald anayenda maiko ambiri ndi kacitoliro kace, nafika pophunzitsa ku yunivesite ya California ku Los Angeles m'caka ca 1999, ndipo anamwalira m'caka ca 2001.

Akulu-akulu ena, a m'makwaya ndi aphunzitsi opuma pa nchito, amafuna kuphunzira koma amacita manyazi kuti zala zao zinauma kale. Zala za munthu wamkulu zimacedwa ndithu, koma iye ali ndi cimene ana alibe, ndico kupirira pobwereza mau awiri okha kwa mphindi khumi. Akhale nao pansi pa mango paja. Mwana amene aona agogo ace akulimbana ndi cala capakati saopanso kuphonya.

Kucokera kumapeto kwa Seputembala kufika pa 24 Okutobala pali masabata ocepera anai. Loyamba lipite pa kupatula zitoliro ndi kuyesa E ndi F pa cibwano, laciwiri pa B fulati kapena F shapu malinga ndi pamene do waikidwa, ndipo nyimbo yonse iyambe kuimbidwa pambuyo pace. Popeza citoliro cimodzi cimadutsa pa milomo ya ana angapo, cizitsukidwa ndi sopo ndi madzi ofunda asanapatsirane. Cikayamba kulira mosasa mau, ndi cinyezi ca mpweya cimene catseka kanjira ka m'kamwa mwace, ndipo woimba aphimbe kazenera ka pamwamba ndi cala nkuuzira kamodzi mwamphamvu. Poweruka katoni ilowe m'nyumba, isasiyidwe pa zenera kapena pa bwalo, pakuti dzuwa la Okutobala ndi pulasitiki sizigwirizana.